Ana onse alemba kuti "zinali bwino", ndiwafunse bwanji kuti anene zakukhosi?

NaBanda_Chimwankhunda
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi kadandaulo, mwina ena munakumanapo nazo. Ife makolo angapo a m'dera lathu lino tinagwirizana kuti tchuthi chilichonse tizitenga ana kukaona malo, kusiyana n'kuwasiya pa TV tsiku lonse. Loweruka lapitali tinapita nawo ku myuziyamu ya ku Chichiri. Ana analipo 34, wamng'ono wa zaka 5, wamkulu ali Fomu 1. Makolo ena anatiperekeza, tinanyamula mpunga ndi Sobo, ulendo unayenda bwino ndithu.

Vuto ndi ili. Anzathu amene anasonkha ndalama ya minibasi anati akufuna amve maganizo a ana eniake, kuti tidziwe ngati tibwereze kapena tisinthe. Ine ndi nzeru zanga ndinakalembetsa kafomu pa kompyuta ku Limbe, mafunso asanu, m'Chichewa chomveka bwino. Usiku ndinakhala pansi kuti ndiwerenge. Abale inu! "Chakusangalatsa n'chiyani?" Zonse. "Chimene sichinakusangalatse?" Palibe. "Ulendo unali bwanji?" Zinali bwino. Mapepala 29 mawu ake omwewo. Atatu anabwera osalembedwa kanthu, limodzi lojambulidwa chithunzi cha basi, ndipo pa lomaliza mwana anangolemba kuti SOBO ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndikanena chiyani ku komiti Lamulungu? Amene mumagwira ntchito ndi ana, mumatani kuti mumve zimene akuganizadi?

Tsabola_Wakale
Wa SOBO yekhayo ndi amene wanena zoona. M'patseni mphoto mwana ameneyo kkkk

AphunzitsiOpuma
Mayi NaBanda, musadandaule, anawo sanakunamizeni. Anakupatsani ulemu umene ife tomwe tinawaphunzitsa. Ndagwira choko zaka 31, zambiri mwa izo ku Sitandade 2 ndi 3. Ukaima kutsogolo n'kufunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse imati "Eeee!" ngakhale uja amene amawodzera kumbuyo. Mwana wa kuno amakula akudziwa kuti munthu wamkulu akakupatsa chinthu sunena kuti chakuipira. Tsono inu munawalipirira minibasi, munawaphikira mpunga, kenako mwawagwiritsa pepala n'kuima pompo. Angalembe chiyani china?

Chachiwiri, pepala lokhala ndi mafunso ndi mizere yoyankhapo, kwa mwana amenewo ndi mayeso. Ndipo pa mayeso pamakhala yankho lokhoza. Iye sakuganiza za zimene waona, akuganiza kuti anti akufuna ndilembe chiyani kuti andichonge.

Ine ndikanasintha funso. Osati "chakusangalatsa n'chiyani", koma "ukafika kunyumba agogo akakufunsa kuti waona chiyani, uyamba kuwauza chiti?" Kapena "mng'ono wako amene watsala kunyumba, utabwera naye mawa, ungathamange naye kukamuonetsa chiyani?" Funso lotere silimuika mwana poweruza akuluakulu, limangomupempha kuti afotokoze nkhani. Ndipo pofunsa musaime. Khalani pansi pa kapinga, maso anu afanane ndi ake.

Abambo_a_Mphatso
Mundikhululukire, koma ine nkhaniyi sindikuimvetsa kuyambira pachiyambi. Mwana tiyambe kumufunsa maganizo? Phala timamufunsa ngati akulifuna? Ife kale aphunzitsi amangoti imani pamzere, manja kumbuyo, osagwira kanthu, ndipo mpaka lero timakumbukira zimene tinaona. Zofunsafunsazi n'zimene zikuwapusitsa ana masiku ano. Mukawafunsa anena kuti akufuna kukadya chipisi ku Chichiri Mall, basi ulendo wa maphunziro wathera pomwepo.

Mayi_wa_Anyamata
Abambo a Mphatso, phala sitimufunsa, zoona, koma akamalavula timaona, n'kudziwa kuti latentha kapena mchere wachuluka. Zimene akufuna mayiwa ndi zomwezo.

Ndikuuzeni zanga. Chaka chatha ndinapita komweko ndi anyamata anga awiri. Wamkulu, wa zaka 10, ndi mwana wolongolola, koma titafika pamene akufotokoza za malonda a akapolo anangoti zii. Potuluka ndinamufunsa kuti zinali bwanji, iye "bwinobwino". Tinakwera minibasi, tinafika ku Bangwe, tinadya nsima, osanena kanthu. Usiku magetsi atazima, ndikumuyalira, ndi pamene anandifunsa kuti, "Amayi, anthu aja akamangidwa m'khosi n'kumayenda nawo mpaka kunyanja, ana awo amatsala ndi ndani?" Ndinasowa poyambira. Tinacheza mpaka usiku ndithu, ndinamuuza zimene ndimakumbukira za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi zoti anthuwo amawawolotsa nyanja n'kuyenda nawo mpaka ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania. Ndinamuuzanso kuti nthawi zambiri ana amatengedwa limodzi. Analira.

Akanakhala pa ulendo wanu, Mayi NaBanda, akanalemba "zinali bwino" ngati anzake. Ndiye ine ndikuti musafunse pa geti pokha. Dikirani masiku awiri atatu, mufunse makolo kuti mwana wakhala akukamba chiyani kunyumba, kapena akusewera zotani.

Abambo_a_Mphatso
Apo ndamva. Koma onani kuti simunamufunse ndi fomu, anayamba yekha.

Mayi_wa_Anyamata
Ndiye tikugwirizanatu bambo, mukungokana kuvomera.

Wa_Sande_Sukulu
Ife ku mpingo timagwiritsa ntchito nyemba. Tikapita ndi ana kwinakwake, pobwera timaika zitini, chilichonse chili ndi chithunzi cha chinthu chimodzi chimene taona. Mwana aliyense timamupatsa nyemba zitatu, aponye kumene akufuna, kaya zonse m'chitini chimodzi kaya agawe. Ngakhale wa zaka 4 wosadziwa kulemba dzina lake amatha.

Koma ndikuchenjezeni, ulendo woyamba zinatikanika. Tinaika zitini poyera, zosavindikira. Panali kamnyamata kena kamene anzake amakaopa, kanaponya nyemba zake m'chitini choyamba, gulu lonse linatsatira pomwepo ngati nkhosa. Ulendo wachiwiri tinaboola timabowo pa zivindikiro, tinamanga chitenje pakati pa mitengo iwiri, aliyense amalowa yekhayekha. Zotsatira zinasintha kwambiri, makamaka za atsikana. Ngati mukufuna kusiyanitsa, ang'onoang'ono apatseni chimanga, akuluakulu nyemba, powerenga muona nokha kuti zokonda zawo n'zosiyana.

Tsabola_Wakale
Ndiye owerenga mavoti akhale ndani? Muikeponso mamonita, anthu amabera ngakhale nyemba.

Woyang'anira_Gulu
A Tsabola, ndakuonani kumene mukulowera. Ndale pagulu lino ayi.

Tsabola_Wakale
Ndimanena nyemba bwana, zophika zija.

Kabaza_wa_Ndirande
Mwandikumbutsa kutali. Ine ndinapitako ndili Sitandade 5, tinayenda wapansi kuchokera kusukulu kudutsa pa sitediyamu. Za mkati sindikumbukira chilichonse, koma injini ya sitima ija ili panja ndi galimoto yozimitsa moto, eee, ndimaziona m'maso mpaka lero. Basi yakale ija ikadalipo?

NaBanda_Chimwankhunda
Zakale za panja zija ndi zimene ana anathamangira titangotsika. Mwana amene anajambula basi pa fomu uja ndi wa zaka 6, anajambula ndi mawindo omwe, mpaka anthu atakhala mkati.

Mlonda_Wausiku
Ine chimene chinandizunguza mutu ndi mwala uja anati unagwa kuchokera kumwamba. Ndinakauza agogo anga, anati mwana iwe usamaname.

AphunzitsiOpuma
Simumanama a Mlonda. Unagwera ku Machinga mu 1981, kulemera kwake kupitirira makilogalamu 90. Ndimautchula chaka chilichonse pophunzitsa za dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Nyumba ya ku Chichiri ija anaitsegula ndi Kamuzu mu 1966, koma myuziyamu inayambira ku Mandala chisanafike chaka chimenecho.

Kabaza_wa_Ndirande
Nanga chinyama chachikulu cha mafupa okhaokha chija chili komweko?

AphunzitsiOpuma
Mukunena Malawisaurus, imeneyo mbiri yake ndi ya ku Karonga, mafupa ake anawafukula kumeneko, ndipo amaionetsa ku myuziyamu ya ku Karonga. Pa minibasi ya Mayi NaBanda sangakafikeko.

Chichewa_Chenicheni
Pepani kudula nkhani. Bwanji tikungoti myuziyamu myuziyamu ngati tilibe mawu athu? Ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Tsabola_Wakale
Kauzeni kondakitala pa Ginnery Corner kuti "nditsika pa nyumba yosungiramo zinthu zakale" muone ngati simukatsikira ku Limbe.

Wakafukufuku
Tibwerere ku funso la mayiwa. Ine ndimagwira maganyu ofunsa mafunso m'midzi ndi m'matauni, ndiye zimene zakuchitikiranizi sizachilendo. Ngakhale akuluakulu amayankha zokondweretsa wofunsa, makamaka akaganiza kuti pali chithandizo chikubwera. Ndinene zinthu zingapo.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri pa ana siyofunsa n'komwe. Sankhani kholo limodzi limene tsiku limenelo silidzagwira ntchito ina iliyonse, osagawa chakudya, osalondola ana kuchimbudzi, osakalipira aliyense. Likhale ndi kope ndi wotchi. Lijambule malowo mwachisawawa papepala, kenako lizingoona: apa ana anaima nthawi yaitali bwanji, apa anangodutsa, apa anaitanizana kuti "tabwera udzaone", apa anayamba kukankhana ndi kuyasamula. Lilembenso mafunso onse amene ana afunsa okha, mawu ake momwe awanenera, osawakonza. Mwana akafunsa kuti "mfuti iyi inaphapo munthu?" kapena "ndalama iyi ingagule chiyani lero?" wakuuzani kale chimene chamugwira mtima. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za zojambula, zimathandiza, koma samalani. Mukangoti "jambulani", theka la gulu lijambula nyumba, mtengo ndi duwa, chifukwa n'zimene anazolowera kusukulu, ndipo ena akopera kwa mnzawo wodziwa kujambula. Phindu la chojambula lili pa zimene mwana anganene mukamufunsa kuti "tandiuza, uyu ndi ndani, akutani?" Mulembe yankho lake kuseri kwa pepalalo.

China, wofunsa asakhale amene anakonza ulendo. Tengani mtsikana kapena mnyamata wa ku sekondale amene anawo amamutchula kuti achemwali kapena achimwene. Kwa ameneyo amamasuka, amatha kunena kuti "kuja kunali kotopetsa".

Chomaliza, ndipo ichi ndikuchinena motsindika. Papepala pasakhale dzina la mwana, zaka zokha zikwanira. Mukafuna kujambula mawu kapena zithunzi pa foni, makolo avomere kaye, ndipo mwanayo akakana musamukakamize. Ndimaona anthu akuponya nkhope za ana a eni pa Facebook ngati ndi mbuzi zawo. Ana ena ali ndi zifukwa zoti asaoneke kumene ali.

NaBanda_Chimwankhunda
Apa mwandigwira pakhosi. Pa fomu yanga funso loyamba linali "Dzina lako".

Wakafukufuku
Ndiye mwana amadziwa kuti akalemba zoipa, anti akauza amayi ake madzulo omwewo.

Gogo_wa_Chilomoni
Ana anga, ine zolemba pa foni zimandivuta, akundilembera ndi mdzukulu. Mukuiwala njala. Munawafunsa nthawi yanji? Ngati munawagwiritsa mapepala mpunga uli pambali ukununkhira, mwana alemba chilichonse kuti amasulidwe. Adye kaye, akhute, apume, kenako muyambitse nthano. Munene kuti panali mwana wina anapita ku Chichiri, atalowa anaona... n'kusiyira pomwepo. Amalizitsa okha, mochita kulimbirana. Ife ana timawamva choncho kuyambira kale.

Wa_Sande_Sukulu
Agogo, imeneyo ndaitenga. Zikomo.

Nesi_Wapanyumba
Ndionjezereko pa za kuona zija. Pa ulendo wina wa ana a m'dera lathu, osati ku Chichiri, kunali kwina, ndinaona mtsikana wa zaka ngati 9 atabereka mng'ono wake tsiku lonse. Mayi ake anati apite naye chifukwa iwo ali ku geni. Anzake akuthamanga kukaona zinthu, iye ali kumbuyo kutonthoza mwana, kenako anakhala panja pamthunzi mpaka tinanyamuka. Pofunsa gulu lonse kuti mwasangalala, nayenso anakweza dzanja. Palibe fomu kapena nyemba imene ikanatiuza kuti mwana ameneyu sanaone kanthu. Kuyambira pamenepo timakhala ndi mayi mmodzi wolandira makanda.

Komanso muzifunsa za zinthu zimene akuluakulu sitiziona chifukwa cha msinkhu. Ine ndinayesapo kugwada pafupi ndi kabati ya magalasi, ndinapeza kuti mwana wa zaka 5 amangoona thabwa la pansi ndi kuwala kwa galasi. Ife tikuti "taona mkanda wokongolawu", iye akuvomera, koma sakuona chilichonse. Amafunika kumunyamula.

Abambo_a_Mphatso
Chabwino, mwandigonjetsa pa zofunsa. Koma funso langa lenileni ndi ili. Mwawerenga nyemba, mwapeza kuti ana 30 mwa 34 akufuna sitima ndi basi basi, mbiri ya John Chilembwe ndi mitondo ya makolo alibe nazo ntchito. Mutani? Ulendo wotsatira mungowasiya panja azizungulira sitima? Ngati simusintha kanthu, mwawavutitsiranji? Ngati musintha zonse, ndiye akulera anzawo ndani? Ine kuntchito timadzaza mafomu a maganizo chaka chilichonse, sindinaonepo chosintha, ndiye ndinasiya kulemba zoona. Ana nawonso aphunzira msanga zimenezo.

AphunzitsiOpuma
Funso ili ndi lolemera kuposa loyamba lija, bambo. Yankho langa ndi lakuti mwana sakusankhirani chophunzitsa, akukuonetsani khomo lolowera. Ngati mtima wake uli pa sitima, yambirani pa sitimapo. Sitimayi imayendera chiyani, moto amasonkha ndani? Imanyamula chiyani? Njanji yochokera kumunsi ku Chigwa cha Shire inafika mu Blantyre mu 1908, ndiye mufunseni kuti isanabwere, katundu amakwera bwanji mapiri onse aja? Apo mwalowa kale mu nkhani ya amtengatenga, anthu osenza katundu pamutu ndi kunyamula azungu pa machila. Kuchoka apo kufika pa thangata ndi pa zimene zinakwiyitsa Chilembwe mu 1915 ndi pafupi. Mbiri ndi yomweyo imene mumafuna, koma mwana walowa yekha, simunamukoke khutu.

Pa mfundo yoti aziona chosintha, ndikugwirizana nanu kwathunthu. Musinthe ngakhale chinthu chimodzi, ndipo muwauze kuti "munanena kuti tinakufulumizitsani panja, lero tiyambira komweko."

Abambo_a_Mphatso
Mukanakhala mphunzitsi wanga mwina ndikanakhoza mbiri.

Mlonda_Wausiku
Koma osawalola kukwera pa zinthu popanda kufunsa ogwira ntchito kumeneko. Zinthu zija n'zakale, chitsulo chikhoza kumucheka mwana, komanso zikaonongeka palibe kokagula zina.

Mayi_wa_Anyamata
Zoona. Ndipo zimene mupeze mukawauzeko ogwira ntchito ku myuziyamuko, osangosunga mu kope la komiti. Amalandira ana a sukulu ambirimbiri, ndikhulupirira angakonde kumva mafunso amene ana amafunsa akatuluka.

Chichewa_Chenicheni
Pa 18 Meyi ndi tsiku lokumbukira nyumba zoterezi padziko lonse. Mwina mukhoza kukonzera ulendo wina pafupi ndi tsiku limenelo. Onani ndalemba "nyumba zoterezi", a Tsabola, sindinagonje.

NaBanda_Chimwankhunda
Nanga ku komiti Lamulungu likubwerali ndipite ndi chiyani? Anthu aja amafuna manambala.

Wakafukufuku
Auzeni zoona, kuti fomu sinagwire ntchito ndipo chifukwa chake ndi ichi. Masiku atsalawa imbirani makolo khumi okha, mufunse zimene Mayi wa Anyamata ananena zija. Mupite ndi mawu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi momwe anawanenera. Nyamulaninso chojambula cha basi chija. Manambala adzabwera ulendo wamawa ndi nyemba.

NaBanda_Chimwankhunda
Ndabweranso abale. Dzulo madzulo ndinatsatira malangizo, ndinayamba ndi wanga yemwe, wa zaka 8. Sindinamufunse mwachindunji, timasankha mpunga limodzi pa lichero, ndinangoti, "Koma mafomu aja anzako analemba zofanana bwanji?" Anaseka, akuti, "Amayi, mapensulo analipo sikisi okha. Aliyense amadikira mnzake, ndiye umangoona zimene walemba uja n'kulembanso kuti upereke pensulo msanga. Komanso anti aja anaima kumbuyo kwathu amati fulumirani minibasi ikupita." Anti akewo ndi ine ndi mnzanga wina, koma mwana anachita ulemu osanditchula.

Kenako ndinati, nanga iweyo ukanalemba chiyani? Akuti anakwiya chifukwa pamene amaonetsa ndalama zakale ife tinawathamangitsa, iye amafuna aone bwino ndalama yoboola pakati imene agogo ake amaikamba. Ine sindinadziwe n'komwe kuti anaimapo.

Ndaimbiranso makolo anayi. Mmodzi akuti mwana wake wakhala akuumba sitima ya dothi kuyambira Lamulungu. Wina akuti wake akukana kugona yekha chifukwa cha nyama youmitsa imene anaiona, akuti imamuyang'ana. Wachitatu akuti mwana sanakambe kalikonse. Wachinayi ndi mayi wa mwana wa SOBO uja, a Tsabola mumve bwino. Akuti Sobo inatha iye asanalandire, chifukwa anatsalira kumbuyo kumanga nsapato ya mng'ono wake. Sikuti amayamikira, limene lija linali dandaulo.

Tsabola_Wakale
Iii ndiye mphoto ija ikhale botolo lathunthu. Ndigula ine, mundiuze kokasiya.

Wa_Sande_Sukulu
Zitini zoboola kale ndili nazo zisanu ndi chimodzi, ndikhoza kukubwerekani, ndimakhala ku Zingwangwa si kutali. Nyemba mugule zanu, zathu ana anakazinga.

NaBanda_Chimwankhunda
Ndidzatuma mwana Lachisanu akaweruka kusukulu. Chitenje chotchingira ndili nacho. A Kabaza, inu mudzabwere mudzakhale wa kope ndi wotchi uja, poti za mkati munati simukumbukira chilichonse.

Kabaza_wa_Ndirande
Loweruka ndi tsiku la ndalama mayi, koma ngati mpunga ulipo tikambirana.